Mafunso a Owerenga: Ndapeza Ntchito Ina, Ndichoke Bwanji Kumene Ndili?

FUNSO

Alangizi, ndine bambo wa zaka 34 ndipo ndagwira ntchito yosunga katundu kwa zaka 6 pa kampani ina yogulitsa zinthu mopikulitsa ku Limbe, komwe ndimalandira K420,000 pa mwezi. Sabata yatha kampani ina ya ku Kanengo, ku Lilongwe, inandiimbira foni kuti ndapambana mafunso amene ndinakayesedwa ndipo ikufuna ndikayambe ntchito pakatha masabata awiri. Kalata yondilemba ntchito akuti ndikaipeza konko. Kontirakiti yanga ya kuno imati wofuna kusiya ntchito apereke notisi ya mwezi umodzi. Anzanga akundiuza kuti ndingodikira malipiro a pa 25 kenako ndisowe, chifukwa abwana athu anakanapo kulandira kalata ya mnzathu wina amene ankafuna kusiya. Ndili ndi masiku 11 a tchuthi amene sindinapite. Kodi notisiyi ndi yokakamiza? Kodi masiku a tchuthiwa angalowe m'malo mwake? Nanga abwana akakana kalata yanga ndichite chiyani, ndipo ndalama za severance, zija amapatsa munthu ntchito ikatha, ndi penshoni yanga ndidzalandira?

Wosunga katundu, Limbe

YANKHO

Bambo, mafunso anu ndi anayi, koma ndiyamba ndi chimene simunafunse, chifukwa ndicho chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. Mwati ntchito yatsopanoyo mwaimva pafoni ndipo kalata yake mukaipeza ku Lilongwe. Musapereke notisi ku Limbe kufikira kalatayo itafika m'manja mwanu, yosainidwa, yotchula udindo wanu, malipiro anu, tsiku loyamba ntchito komanso ngati mudzayamba ndi nthawi yoyesedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, ndipo ntchito yolonjezedwa pafoni ikadali pachala. Amene anakuimbiraniwo akhoza kukhala oona mtima ndithu, koma mwini kampani akhoza kusintha maganizo, ndalama zolembera munthu watsopano zikhoza kuimitsidwa, ndipo notisi mukaipereka simungaibweze mwa inu nokha pokhapokha abwana anu atalola. Kalata masiku ano imafika pa imelo kapena pa WhatsApp munthu asanamalize kumwa tiyi, choncho palibe chifukwa chomveka choti mukaipeze mutasamuka kale.

Nkhani ya nthawi yoyesedwa muiwerenge mofatsa kalatayo ikabwera. Gawo 26 la lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limalola kuti munthu wa luso ayesedwe kwa nthawi yosapitirira miyezi 12, ndipo limanenanso kuti m'nthawi imeneyo aliyense wa awiriwo, wolemba kapena wolembedwa, akhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Izi zikutanthauza kuti mukusiya ntchito imene mwakhazikikapo kwa zaka 6 n'kupita kumene kwa miyezi ingapo mudzakhala woti akhoza kukuuzani m'mawa kuti basi. Sindikukuopsezani kuti musapite, popeza anthu ambiri amadutsa nthawi imeneyi bwinobwino, koma ndi chifukwa chachikulu chochokera ku Limbe mwaulemu, kuti zinthu zikavuta ku Kanengo dzina lanu likhale likadali labwino kumene munachokera.

Tsopano ku funso lanu loyamba. Notisi ndi yokakamiza, ndipo ikanakhala yokakamiza ngakhale kontirakiti yanu ikanapanda kunenapo kanthu. Gawo 29 la lamulo lomweli limati mgwirizano wa ntchito umene ulibe tsiku lothera ukhoza kuthetsedwa ndi mbali iliyonse pochenjeza inzake mochita kulemba, ndipo kwa munthu wolandira malipiro pa mwezi ngati inu, nthawi yochepetsetsa ndi mwezi umodzi, kaya wagwira ntchito chaka chimodzi kaya zaka 20. Ambiri amaganiza kuti lamuloli linaikidwa kuti limange abwana okha pochotsa anthu, koma limamanga mbali zonse ziwiri mofanana. Owerenga ena amene salandira pa mwezi adziwe kuti nthawi yawo imayendera zaka zimene agwira. Wolandira pa masabata awiri amapereka masabata awiri ngati sanakwanitse zaka 5, ndipo mwezi umodzi ngati wazikwanitsa. Wolandira pa sabata amapereka sabata imodzi asanakwanitse zaka 2, masabata awiri kuyambira zaka 2, ndi mwezi umodzi kuyambira zaka 5. Wolandira pa tsiku kapena pa ola amayambira pa tsiku limodzi ngati sanathe miyezi 6, ndipo nthawiyo imakwera ndi zaka mpaka kufika mwezi umodzi. Zonsezi ndi nthawi zochepetsetsa chabe. Amene anasaina kontirakiti yonena miyezi itatu, monga zimakhalira ndi akuluakulu a m'makampani, amamangidwa ndi miyezi itatuyo.

Malangizo a anzanuwo ndiwakane mosabisa mawu, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi cha ndalama. Gawo 30 limati wogwira ntchito akasiya popanda notisi pamene notisi imafunika, ndipo abwana sanamukhululukire, ayenera kulipira abwanawo ndalama zofanana ndi zimene iye akanalandira m'nthawi ya notisiyo. Kwa inu ndiye kuti mukasowa pa 25 mudzakhala ndi ngongole ya K420,000 yathunthu, kapena kuposerapo ngati pali ndalama zina zimene mumalandira mwezi uliwonse pamwamba pa malipiro. Abwana adzayamba ndi kuyang'ana zimene akuyenera kukupatsani, monga za masiku 11 a tchuthi aja, ndipo zotsalazo ali ndi ufulu wokazifuna ku bwalo la milandu. N'zoona kuti si abwana onse amene amatsata munthu mpaka kukhoti pa ndalama zotere, ndipo mwina n'chifukwa chake anzanu akuona ngati kusowa n'kosavuta.

Chifukwa chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo chikukhudza ntchito yanu makamaka. Inu mumasunga makiyi a nyumba ya katundu ndi mabuku a sitoko. Kalaliki wa mu ofesi akasowa, amasiya mapepala osamaliza. Wosunga katundu akasowa, amasiya dzina lake pa katoni iliyonse imene idzapezeke ikuperewera kuyambira tsiku limenelo, ngakhale imene wina adzatulutse mawa lake atamva kuti mwini makiyi wathawa. Simudzakhalapo kuti muwerenge nawo, simudzakhala ndi pepala losainidwa losonyeza zimene munasiya, ndipo nkhani imene ikanakhala ya notisi chabe ikhoza kusanduka ya kupolisi. Munthu amene wachoka usiku amaoneka wolakwa ngakhale asanatenge ndi sopo yemwe. Komanso makampani ogulitsa ndi kusunga katundu a ku Limbe ndi a ku Kanengo amadziwana, madalaivala a malole awo amakumana pa msewu wa M1 tsiku ndi tsiku, ndipo abwana anu atsopano sadzachedwa kumva mmene munachokera. Mwezi umodzi wa notisi ndi wotchipa kwambiri poyerekeza ndi zimenezo.

Vuto lenileni ndi lakuti ku Kanengo akukufunani pakatha masabata awiri pamene ku Limbe muli ndi ngongole ya mwezi. Yambani ndi abwana atsopanowo. Auzeni mosapita m'mbali kuti kontirakiti yanu imafuna mwezi umodzi ndipo mukupempha kuti tsiku loyamba lisunthidwe. Ambiri amaopa kupempha zimenezi poganiza kuti ntchito ipatsidwa wina, koma kampani imene yatha miyezi ikulengeza ntchito, kuyesa anthu ndi kusankha mmodzi, kawirikawiri siitaya munthu wake chifukwa cha masabata awiri owonjezera, ndipo abwana anzeru amadziwa kuti amene akulemekeza notisi ya kwina adzalemekezanso yawo. Akaumirira kuti sangadikire, afunseni ngati angakuthandizeni kulipira masiku otsalawo, chifukwa makampani ena amatero akamufunitsitsa munthu.

Ku Limbe nakonso njira ilipo. Gawo 30 lomwe lija limalola mbali iliyonse kukhululukira inzake notisi kapena kulandira ndalama m'malo mwake. Mukhoza kupempha kuti mugwire masabata awiri, otsalawo akukhululukireni. Akakana, mukhoza kugwira masabata awiri n'kulipira otsalawo, zomwe pa malipiro anu zikhala pafupifupi K210,000. Chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe ndipo abwana asaine, chifukwa chilolezo cha pakamwa chimaiwalika msanga tsiku lowerengera ndalama likafika.

Masiku 11 a tchuthi aja ndi anu, ndipo palibe amene angakulandeni. Gawo 44 limapatsa munthu wogwira masiku 6 pa sabata tchuthi cha masiku 18 ogwira ntchito pa chaka, ndipo wogwira masiku 5 pa sabata masiku 15, ndipo masiku amene simunapite amalipiridwa ntchito ikatha. Koma kuwaika m'kati mwa notisi si chinthu chimene mungalamule nokha, ndi chopempha. Tsiku lopita ku tchuthi limagwirizanidwa ndi abwana, ndipo iwo akhoza kunena kuti akukufunani pa ntchito mwezi wonse kuti muphunzitse wolowa m'malo mwanu, masikuwo adzakulipirani. Akavomera, ndiye kuti vuto lanu latsala pang'ono kutha, popeza masiku 11 ogwira ntchito ndi pafupifupi masabata awiri. Chenjezo langa ndi limodzi pamenepa: munthu ali pa tchuthi amakhala akadali wantchito wa kampani, choncho ngati mukufuna kukayamba ku Kanengo m'masiku amenewo, pepala la mgwirizano wanu linene kuti ntchito yanu ya ku Limbe yathera pa tsiku lomaliza limene mwagwira, ndipo masiku a tchuthi alowa m'malo mwa notisi yotsalayo. Mukapanda kutero mudzapezeka muli ndi mabwana awiri nthawi imodzi, zomwe makontirakiti ambiri amaletsa.

Powerenga mweziwo, onaninso mawu enieni a kontirakiti yanu. Ikangonena mwezi umodzi, notisi yoperekedwa pa 10 Malichi imatha cha pa 10 Epulo. Koma makontirakiti ena amanena mwezi wa pa kalendala, ndipo makampani ambiri amamva mawu amenewo kuti notisi iyambe pa 1 ndi kutha mwezi ukamatha, kotero kuti kalata ya pa 10 Malichi ikhoza kukufikitsani pa 30 Epulo. Funsani ku ofesi yoona za ogwira ntchito musanalonjeze tsiku ku Lilongwe.

Funso lakuti abwana akakana kalata muchite chiyani limachokera pa kusamvetsa kumene kwafala kwambiri. Kalata yosiya ntchito si pempho, ndi chidziwitso. Lamulo silipatsa abwana mphamvu yoivomereza kapena kuikana, ndipo malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994 pamodzi ndi Employment Act amaletsa kugwiritsa munthu ntchito mokakamiza. Chimene abwana angachite ndi kukana kuigwira m'manja kapena kudzanena pambuyo pake kuti sanaione, ndipo mankhwala ake ndi umboni. Lembani makalata awiri ofanana, perekani imodzi, ndipo pa inayo wolandira alembe dzina lake, tsiku, ndi kudinda chidindo cha kampani. Akakana kusaina, isiyeni pa tebulo pamaso pa mboni, kenako tsiku lomwelo tumizani chithunzi chake pa imelo ya kampani ndi mawu onena kuti mwaipereka lero nthawi yakuti. Kuyambira tsiku limenelo mwezi wanu wayamba kuwerengedwa, kaya abwana akwiye kaya asakwiye.

Kalatayo ikhale yaifupi. Itchule tsiku limene mwalemba, inene kuti mukupereka notisi ya mwezi umodzi motsatira kontirakiti yanu, itchule tsiku lanu lomaliza kugwira ntchito, ipemphe kuti pakonzedwe tsiku lowerengera sitoko ndi kupereka makiyi, ndipo ithokoze chifukwa cha zaka zimene mwagwira. Simukakamizidwa kunena kumene mukupita kapena malipiro amene akakupatseni. Madandaulo a zaka 6 musawaike m'menemo, chifukwa kalata imeneyi imakhala mu fayilo yanu ngakhale abwana amene munakangana nawo atachoka, ndipo amene adzaiwerenge pakatha zaka zisanu sadzadziwa mbali yanu ya nkhani. Mwa ulemu wake, musanapereke kalata pemphani kaye kuonana ndi abwana anu enieni ndi kuwauza pakamwa, kuti asayambe kuimva nkhaniyi kwa anzanu pa nthawi ya nkhomaliro. Anzanuwo muwauze pambuyo.

N'kutheka kuti abwana akamva adzakulonjezani kukweza malipiro kuti mukhale. Ganizirani zimenezi musanalowe mu ofesi yawo, kuti mukhale ndi yankho lokonzeka. Ngati chokuchotsani ndi ndalama zokha ndipo iwo alemba malipiro atsopanowo papepala, kukhala si tchimo, ngakhale kuti funso lakuti ndalamazo zinali kuti zaka zonsezi ndi loyenera kulifunsa. Chosayenera ndi kuvomera uku ndi uku n'kumadikira kuona kumene kukome, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ku Kanengo akamva kuti kalata yawo munangoitenga kuti mukaopsezere abwana anu, khomo limenelo latsekeka.

M'mwezi wa notisi mumakhala mukadali wantchito m'zonse. Malipiro anu amayenda, malamulo a kampani amakumangani, ndipo kujomba kapena kulakwa kwakukulu kukhoza kukuchotsetsani ntchito nthawi yomweyo, n'kusandutsa kusiya kwanu kukhala kuchotsedwa. Abwana ena amakwiya n'kumuuza munthu kuti anyamuke tsiku lomwelo. Zikatero musakangane nawo, koma pemphani kuti alembe zimenezo, ndipo inu muyankhe mochita kulemba kuti munali wokonzeka kugwira ntchito mpaka tsiku limene munatchula. Pamenepo wafupikitsa notisi ndi iwo, osati inu, ndipo muli ndi poyambira pofuna malipiro a masiku otsalawo. Koma ngati mwagwirizana nonse kuti muchoke msanga chifukwa n'zimene inu mukufuna, musayembekezere kulipidwa masiku amene simunagwire. Tsiku lowerengera sitoko mukhalepo inu, wolowa m'malo mwanu ndi mkulu mmodzi wa kampani, nonse musaine tsamba lililonse, ndipo inu mutenge mapepala anu kupita nawo kunyumba. Makiyi, yunifolomu, foni ya kampani ndi chiphaso cha pa ntchito zilembedwenso kuti mwabweza.

Pa za ndalama, yembekezerani izi. Malipiro a masiku amene mwagwira ndi a masiku a tchuthi otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7 ntchito itatha, monga likunenera gawo 53. Ngongole iliyonse imene muli nayo ku kampani, kaya ya ndalama zimene munatengeratu kaya ya maphunziro amene anakulipirirani mutasaina kuti mudzagwira zaka zakutizakuti, idzatulukira pa tsiku limeneli, choncho funsani chiwerengero chake panopa kuti musadzadzidzimuke. Ndalama za severance musaziwerengere. Kuyambira pamene gawo 35 linasinthidwa m'chaka cha 2010, ndalamazi zimaperekedwa kwa munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, ili pa mavuto a zachuma kapena ikusintha kayendetsedwe kake, komanso kwa amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha kuti akayambe kwina sali m'gulu limeneli, ngakhale atagwira zaka zambiri bwanji.

Penshoni ndi yanu yonse, 5 peresenti imene ankakudulani pamodzi ndi 10 peresenti imene abwana ankayenera kuikapo mwezi uliwonse, ndipo kusiya ntchito, ngakhale mutachoka mokangana, sikuichotsa m'dzina lanu. Koma simudzailandira m'manja pa tsiku lochoka. Lamulo la penshoni, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2011 ndipo linalembedwanso mwatsopano mu 2023, linakonzedwa kuti ndalamazi zizimutsata munthu kuchoka kwa abwana awa kupita kwa ena mpaka adzapume, ndipo mwayi wotapako msanga ndi wa amene wakhala nthawi osapeza ntchito ina, osati wa amene akuchoka Lachisanu n'kukayamba kwina Lolemba. Chofunika kuchita m'mwezi wa notisi ndi kupempha sitetimenti ku kampani imene imasunga penshoni yanu ndi kuona ngati miyezi yonse ya zaka 6 inalipiridwa, chifukwa alipo mabwana amene amadula ndalama pa malipiro koma osazitumiza. Mukapeza miyezi yosoweka, ifunseni mukadali pa ntchito, ndipo zikakanika dandaulo lake limapita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi.

Pomaliza pemphani kalata ya umboni wa ntchito. Gawo 31 limalamula abwana kuipereka wantchito akaipempha, ndipo imatchula dzina la kampani, nthawi imene mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu omaliza. Chifukwa chochokera ndi maganizo a abwana pa kagwiridwe kanu ka ntchito zimalembedwamo pokhapokha inu mutapempha. Ndalama zanu kapena kalatayi zikakanizidwa, yambirani ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lanu, kumene ambiri amangoti ku leba, ndipo kukakanika kumeneko nkhani imapita ku bwalo loweruza milandu ya za ntchito la Industrial Relations Court, lomwe ku Blantyre liliko.

FUNSO

Alangizi, ndinayamba ntchito yolandira alendo pa malo ena ogona alendo ku Mangochi miyezi iwiri yapitayo, ndipo kalata yanga imati ndili pa nthawi yoyesedwa ya miyezi 6. Ndapeza ntchito ya bwinopo ku Zomba. Kodi nanenso ndipereke mwezi wathunthu?

Mayi wa ku Mangochi

YANKHO

Mayi, ufulu umene gawo 26 limapatsa abwana wothetsa ntchito popanda notisi m'nthawi yoyesedwa ndi wanunso, choncho mwa lamulo mwezi wathunthu sukukumangani. Werenganinso kalata yanu, chifukwa makampani ambiri amaikamo sabata imodzi kapena masabata awiri a notisi ya m'nthawi yoyesedwa, ndipo ngati munasaina zimenezo muzisunge. Ngakhale kalatayo itakhala chete, lembani kalata yosiya ndipo apatseni masiku angapo oti apeze wina wokhala pa kauntala, makamaka ngati ndi nyengo imene kunyanja kumadzaza alendo. Malipiro a masiku amene mwagwira ndi anu. Ngati ntchito ya ku Zombayo ndi ya kontirakiti yokhala ndi tsiku lothera, monga zimakhalira m'mabungwe ogwira ntchito za chitukuko, dziwani kuti notisi yochepetsetsa ya makontirakiti otere ndi masiku 14 a pa kalendala.

FUNSO

Alangizi, ndine mlonda pa kampani ina ku Mzuzu ndipo tatha miyezi itatu osalandira malipiro. Kampani ina yandilemba ntchito ndipo ikufuna ndiyambe Lolemba. Abwana akuti ndikachoka popanda notisi ya mwezi, ndalama za miyezi itatuyo zapita. Kodi ndi zoona?

Mlonda, Mzuzu

YANKHO

Bambo, si zoona. Ndalama zimene munthu wazigwirira kale ntchito sizifa chifukwa cha mmene wachokera, ndipo ngakhale gawo 30 limene limalipiritsa wochoka popanda notisi limanena kuti zimene anali atazigwirira kale alandire. Kuonjezera apo, nkhani yanu ndi yosiyana ndi ya bambo a ku Limbe aja. Gawo 60 limalola wantchito kusiya popanda notisi, kapena ndi notisi yaifupi, ngati khalidwe la abwana lafika poti sikungakhale kwanzeru kuyembekezera kuti munthuyo apitirize ntchito. Malipiro ndiwo mutu wa mgwirizano wa ntchito, ndipo abwana amene akhala miyezi itatu osalipira ndiwo ayamba kuuphwanya. Lamulo limaona kuchoka kotereku ngati kuchotsedwa, osati kusiya mwa kufuna.

Komabe udindo wosonyeza chifukwa chimene chinakuchotsani udzakhala wanu, ndiye kalata yanu ikhale yosiyana ndi imene ndalangiza pamwambapa. Inu chifukwa muchilembe momveka: tchulani miyezi itatuyo ndi maina ake, ndalama za mwezi uliwonse, ndi masiku amene munapempha malipiro osapatsidwa, ndipo nenani kuti mukusiya chifukwa cha zimenezo. Mukangolemba kuti mwapeza ntchito ina, abwana adzaimirira pa mawu amenewo n'kunena kuti munachoka mwa kufuna kwanu. Sungani mapepala a malipiro akale, mauthenga a pafoni, ndi chithunzi cha buku losainira pobwera ku ntchito ngati mungathe. Pitani ku leba ku Mzuzu konko musanachedwe, chifukwa dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limayenera kufika kwa mkulu wa za ntchito wa m'boma pasanathe miyezi itatu. Ngati alonda anzanu nawonso sanalandire, kupita pamodzi kudzakuthandizani, popeza umboni wa anthu asanu ndi wovuta kuukana.

FUNSO

Alangizi, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, ndipo ndakhala pa banja limodzi zaka 2. Banja lina likufuna kundilemba pa malipiro okwererapo. Mchemwali wanga ku Lilongwe akuti ndipereke mwezi umodzi, anzanga kuno akuti sabata imodzi yakwana. Ndimvere ndani?

Mayi wa ku Johannesburg

YANKHO

Mayi, lamulo lokumangani ndi la dziko limene mukugwirako ntchito, osati la kwathu kuno, ngakhale kuti pa nkhani yanu mchemwali wanu sanaphonye kwenikweni. Ku South Africa lamulo la Basic Conditions of Employment Act la chaka cha 1997 limati wogwira ntchito ya m'nyumba amene wapitirira miyezi 6 apereke notisi ya masabata anayi. Sabata imodzi imene anzanu akunena ndi ya amene sanapitirire miyezi 6. Notisiyo muilembe, ngakhale papepala wamba, ndipo mutumizenso chithunzi chake pa foni ya abwana kuti tsiku lake lisadzakhale la mkangano. Pochoka akulipireni masiku a tchuthi amene simunapite ndi kukupatsani kalata ya umboni wa ntchito, ndipo akakana mukhoza kukadandaula ku ofesi ya boma yoona za ntchito kapena ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito m'dzikolo. Ndalama za UIF za anthu osowa ntchito kawirikawiri siziperekedwa kwa wosiya yekha, choncho musaziike m'mawerengero anu. Ngati mumagona m'chipinda cha pa nyumba ya abwana anu, gwirizanani ndi banja latsopanolo za tsiku losamukira musanapereke kalata, ndipo tsiku limenelo likhale lomwelo limene masabata anayi aja akuthera.